Tafunsani Amalume: Pakamwa pa Mkhristu kumaliro, pa gulupu ndi m'nyumba

Makalata a mwezi uno abwera ambiri ndipo ochuluka akukamba za pakamwa, zomwe anthu anauzidwa ndi zomwe iwo anayankhula. Ndasankhapo anayi, maina ndachotsa monga mwa masiku onse. Amene simunayankhidwe musataye mtima, tikumana mwezi wamawa.

Ndikanene chani kwa anamfedwa?

Amalume, ine ndine mayi wa ana atatu ndimakhala ku Chilobwe. Nthawi ya namondwe wa Freddy ija mng'ono wanga anapita ndi matope limodzi ndi mwana wake, nde kumaliro anthu akutchalitchi anabwera ambiri ndithu sindingawanamizire koma zina zomwe ankayankhula mpaka pano zimandiwawa. Wina akuti Mulungu wathyola duwa lake, wina akuti musalire ngati anthu opanda chiyembekezo, mayi wina mpakana kundiuza kuti tidzifufuze pabanja pathu mwina pali tchimo lomwe linatsegula khomo. Ine ndinangoti zikomo. Pano a neba athu ataya mwana wa folomu 2 atangodwala masiku awiri, maliro tinaika kale koma ku Mvano tapangana zokawaona kunyumba ndipo andisankha ine kuti ndikayankhule poti akuti ndinadutsamo. Ndikanene chani? China n'choti anthu ayamba kunong'ona kuti agogo ake a mwanayo akudziwapo kanthu.
Mayi wa ku Chilobwe

Amayi, pepani kwambiri. Pepani chifukwa cha mng'ono wanu ndi mwana uja, komanso pepani chifukwa cha zomwe munamva kuchokera kwa ife akumpingo, mayi anakuuzani zofufuza tchimo uja analakwa ndipo ine pamenepo sindizungulira. Mu Malichi 2023 mvula inagwa masiku angapo osalekeza, mitengo m'phiri la Soche inali itatha, anthu anamanga m'munsi ndi m'mbali mwa phiri chifukwa malo ena m'tauni muno sakanawakwanitsa, ndiye dothi litakhuta madzi linatsika ndi miyala yomwe. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno, ndipo matope aja sankafunsa kuti nyumba ino amapemphera kapena ayi. Yesu anakambapo za anthu 18 omwe nsanja ya ku Siloamu inawagwera, pa Luka 13:4, n'kufunsa ngati anthuwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, ndipo anayankha yekha kuti iyayi.

Mukakhala ndi mpata muwerenge za anzake a Yobu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari. Atafika anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osanena kanthu chifukwa anaona kuti ululu wake ndi waukulu, ndipo pamenepo anachita bwino. Zinasokonekera atayamba kufotokoza chifukwa chomwe Yobu akuvutikira, Elifazi n'kumufunsa kuti unaonapo ndani wosalakwa akuwonongeka, mitu ndi mitu akumuumiriza kuti avomere tchimo lomwe sanachite. Kumapeto pa Yobu 42:7 Mulungu anakwiyira Elifazi ndi anzakewo kuti sananene zoona za Iye. Anthuwa ankaganiza kuti akuikira Mulungu kumbuyo. Ambiri a ife kumaliro timachita zomwezo, chete amativuta ndiye timatulutsa vesi iliyonse yomwe yabwera kuti tisaoneke osowa chonena.

Za kulira, vesi ija ya 1 Atesalonika 4:13 siikuletsa misozi, ikukamba za chisoni chopanda chiyembekezo. Yesu analira pa manda a Lazaro akudziwa kuti pakangopita kanthawi amuukitsa. Nanga mayi woti waika mwana wake wa folomu 2 timuletse bwanji?

Ndiye mukafika musakonze ulaliki. Mutchule dzina la mwanayo, chifukwa anamfedwa amaona kuti anthu ayamba kulizemba dzinalo ngati mwanayo sanakhaleko. Munene kanthu kamodzi komwe mumamukumbukira nako, kaya ankakupatsani moni akupita kusukulu, kaya anakuthandizani kusenza ndowa kuchokera ku kiyosiki. Mukatero muwauze kuti inenso ndinaika wanga, chifukwa chake sindikuchidziwa mpaka lero, koma simuli nokha ndipo tibweranso. Pemphero lalifupi, basi. Akafuna kulongosola mmene matenda anayendera asiyeni alongosole olo abwereze katatu. Ndipo mawu oti tibweranso aja muwasunge, mupitenso panokha pakatha masabata angapo achibale onse atabalalika, ndi kasopo kapena makala pang'ono, nthawi imeneyo ndi yomwe nyumba ya maliro imakhala yowawa.

Za agogowo zandidetsa nkhawa kwambiri. Tamva kangati kuti okalamba amenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa kumene m'dziko muno nkhani itayamba ndi manong'onong'o omwewa? Lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo ndipo kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma Mkhristu asadikire lamulo. Tsiku limenelo mukakhale pafupi ndi agogowo, muwagwire dzanja onse akuona munene mokweza kuti agogo pepani mwataya mdzukulu wanu. Wina akayambitsa zija panjira pobwerera mumuuze kuti ine zimenezo sindilowa nawo ndipo pagulu la Mvano zisamveke. Mayi wovala yunifomu yoyera akatero ena amachita manyazi kupitiriza.

Ndinalemba chilungamo pa gulupu, pano akundida

Amalume ine ndine mnyamata wa zaka 24 ndimayimba kwaya ku Ndirande. Tinasonkha ndalama za yunifomu kwa miyezi ingapo koma telala akuti anangolandira theka, msungichuma tikamufunsa amangoti ziyenda ziyenda. Ine zinandikwana nde ndinalemba pa gulupu ya WhatsApp kuti pakati pathu pali Yudasi akudya ndalama za Mulungu ndipo tikumudziwa. Dzina sindinatchule. Pano tcheya akuti ndanyoza, ena akuti ndimusiyire Mulungu, msungichumayo watuluka pa gulupu ndipo akazi ake sakundiyankhula. Koma ine ndimangoyankhula chilungamo sindibisa mawu, ndi mmene ndinabadwira. Ndalakwa pati?
Mnyamata wa ku Ndirande

Mphwanga, kufunsa za ndalamazo sunalakwe. Omwe akuti umusiyire Mulungu sindigwirizana nawo, mawu amenewo aononga magulu ambiri m'mipingo yathu, ndalama za chitukuko zimasowa aliyense n'kukhala chete poopa kutchedwa wosokoneza. Paulo yemwe potumiza chopereka cha ku Yerusalemu sanafune kunyamula yekha, pa 2 Akorinto 8:18-21 anatuma Tito ndi abale ena odalirika kuti pasapezeke wonena, ndipo anati tichite zabwino pamaso pa Ambuye komanso pamaso pa anthu. Ndiye kuwerengera ndalama poyera ndi Chikhristu chenicheni.

Koma walakwa, ndipo ndikuuza pomwe walakwa. Ukuti sunatchule dzina, kodi kwayayo ili ndi asungichuma angati? Wamuweruza munthu pamaso pa gulu lonse usanamve mbali yake, ndipo wachita zimenezi mokuluwika kuti akadandaula udzati ine sindinanene inu. Kumeneko si kulimba mtima ayi. Miyambo 18:17 imati woyamba kunena mlandu wake amaoneka wolungama mpaka mnzake atabwera kudzamufunsa. Mwina wadyadi. Mwina anabwereketsa wina mukwaya momwemo amene pano wangoti zii, mwina mwana anadwala n'kutapako akuganiza kuti abweza malipiro akatuluka, mwinanso telalayo ndi amene sakunena zonse. Zonsezi ndi zolakwika koma sizofanana, ndipo iwe sukudziwa kuti ndi iti.

Yesu anasiya ndondomeko pa Mateyu 18:15-17, poyamba upite kwa munthuyo muli awiri, akakana utenge mmodzi kapena awiri, akakananso ndiye nkhani ifike ku mpingo. Iwe wayambira kumapeto. Ndipo cholinga chomwe Yesu anatchula pamenepo n'chakuti akakumvera wamubweza m'bale wako. Tadzifunsa, mmene umalemba meseji ija unkafuna ndalama zibwerere ndi munthuyo akonzeke, kapena unkafuna amve kuwawa anthu akuona? Natani atapita kwa Davide pa nkhani ya Uriya, nkhani yoopsa kuposa yunifomu, sanakayime pamsika, anamupeza mwini wakeyo n'kumufotokozera za munthu wosauka amene analandidwa kankhosa kake kamodzi, Davide atapsa mtima ndi wolandayo m'pamene anamuuza kuti munthuyo ndinu. Sanabise kanthu, koma ananena mwa njira yoti mfumu inagwa pansi n'kulapa.

Iwe unali usanabadwe, koma funsa akuluakulu a kutchalitchi kwanu za Lamulungu la pa 8 Malichi 1992. Tsiku limenelo m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi, mkulu wawo ali Ambuye James Chiona a kuno ku Blantyre, nthawi yoti kungodandaula za boma pa basi unkatha kusowa. Kalatayo inakamba za malipiro ochepa, za masukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za mantha omwe anthu anali nawo poyankhula. Boma linakwiya, linati kupezeka nayo ndi mlandu, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, koma pofika pa 14 Juni 1993 Amalawi anali akuvota pa riferendamu. Chomwe ndikufuna uone n'chakuti m'kalata muja munalibe kutukwana munthu kapena kumupatsa maina, analemba zinthu zoti aliyense womva ankadziwa kuti n'zoona, ndipo anasayina maina awo. Akanalemba zonyoza bwenzi boma litapeza pogwira ndipo anthu akanangoti ansembe akwiya. Paulo pa Akolose 4:6 anati mawu athu akhale achisomo, okoleretsa ngati ndiwo zothira mchere, sanati tithire shuga, koma amene waphikapo akudziwa kuti ukakhuthula paketi yonse mumphika palibe adye ngakhale ndiwozo zikhale nyama.

Zoti ndi mmene unabadwira zisiye. Tonse tinabadwa ndi zina zomwe Khristu akutisintha, lilime silipatulidwa.

Chita izi. Pa gulupu pomwe unalakwira lembapo kuti abale mawu ndinalemba aja sanali oyenera, ndapepesa kwa msungichuma ndi kwa nonse, funso la ndalama ndikalifunsa pa mkumano. Usawonjezere kuti koma. Kenako upite kwawo, osati pa foni, ukapepese kwa iye ndi akazi ake ndipo umufunse mwaulemu chomwe chinachitika. Pa mkumano upemphe lipoti, zomwe zinalowa, zomwe zinatuluka, malisiti a telala, ngati ndalama zinkadutsa pa Airtel Money kapena Mpamba mbiri yake imaoneka, ndipo upereke ganizo loti kuyambira pano ndalama zizisayinidwa ndi anthu awiri ndipo lipoti liziperekedwa mwezi ndi mwezi. Zikakanika pamenepo nkhani ipite kwa akulu a mpingo. Udziwenso kuti zolemba pa foni sizifufutika ngati zapakamwa, wina amajambula screenshot n'kutumiza kwina, ndipo kuyambira 2016 tili ndi lamulo la za pa intaneti lomwe anthu amangidwa nalo chifukwa chonyoza anzawo pa WhatsApp ndi pa Facebook.

Ndiwonjezere kamodzi kwa a kwaya onse owerenga, nkhani ngati iyi musayisandutse mutu wa pemphero woti tiyeni timupempherere m'bale wathu uja mwamva zomwe wachita. Imeneyo ndi miseche basi, ndipo imapweteka kwambiri chifukwa wonenedwayo sangadziteteze kwa anthu oti akuti akumupempherera.

Kutchalitchi ndi mngelo, kunyumba amanditukwana

Amalume, amuna anga ndi mkulu wa mpingo ndipo akayima kutsogolo anthu amadalitsika, maukwati a anthu amakonza ndi iwo. Koma kunyumba ine ndine chitsiru, mbuzi, wosaphunzira, amanena ana akumva, nthawi zina chifukwa choti nsima yachedwa kapena ndafunsa za ndalama ya fizi. Sanandimenyepo. Nditawauza amayi ena akuluakulu anandiwerengera Miyambo 15:1 kuti mayankhidwe ofatsa abweza mkwiyo, akuti ndizifatsa ndipo ndisawayalutse atumiki a Mulungu. Ndafatsa zaka 11 Amalume. Pano mwana wanga wamwamuna wayamba kuyankhula kwa alongo ake ngati bambo ake.
Mayi wa ku Bangwe

Amayi, vesi anakuwerengeraniyo ndi yoona koma anakupatsani theka. Mbali yachiwiri ya vesi yomweyo imati mawu owawitsa amautsa mkwiyo, ndipo m'nyumba mwanu wonena mawu owawitsa si inu. Zimandipweteka kuti vesi imeneyi timakonda kuwerengera wotukwanidwa, wotukwanayo osamuwerengera kanthu. Yakobo 3:9-10 akudabwa kuti ndi lilime lomwelo timatamanda Ambuye n'kutembereranso anthu opangidwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo akuti abale anga siziyenera kutero. Pa 1:26 akunena mosabisa kuti wodziyesa wopembedza koma osamanga lilime lake, kupembedza kwakeko n'kopanda pake. Inu munapangidwa m'chifanizo cha Mulungu, sindinu mbuzi.

Kufatsa sikutanthauza kukhala chete mpaka kalekale. Taonani Abigayeli pa 1 Samueli 25. Mwamuna wake Nabala anatukwana anyamata a Davide, Davide n'kunyamuka ndi amuna 400 atamanga malupanga, ndipo amene anapulumutsa nyumba yonse ndi mayiyo, ndi chakudya komanso mawu ake. Koma sananame kuti mwamuna wake ndi wabwino, anavomera poyera kuti wachita zopusa. Atabwerera anamupeza ataledzera paphwando ndipo sanamuuze kanthu usiku umenewo, anadikira m'mawa vinyo atamuchoka n'kumuuza zonse. Inunso musayankhe pomwe akutukwanapo, sankhani nthawi yoti mitima ili pansi ana kulibe, muwauze kuti bambo, mawu akuti chitsiru ndi mbuzi amandipweteka, mwana wathu wayamba kuwanena kwa alongo ake, sindikufuna kuwamvanso m'nyumba muno, ndipo akapitirira ndikawauza ankhoswe. Mawu ochepa, osakweza, ndipo akapitiriradi mupite kwa ankhoswe a mbali zonse, akalephera ankhoswe mupite kwa abusa. Kumeneko si kuyalutsa mtumiki wa Mulungu. 1 Timoteo 3 imati woyang'anira mpingo akhale wofatsa, wosakonda ndewu, woweruza bwino nyumba yake, choncho abusa ali ndi ufulu wodziwa.

Mwati sanakumenyenipo, ndathokoza Mulungu, komabe mudziwe kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limawerengeranso nkhanza za mawu ndi zozunza maganizo. Ngati mukuona kuti kuwauza zimenezi kungabweretse chibakera, musayambe muli nokha, yambani ndi ankhoswe, ndipo tsiku lomwe adzakuopsezeni kapena kukukwezerani dzanja ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Mwana wanuyo mukhale naye pansi panokha, osanyoza bambo ake, mumuuze kuti mawu amenewa ndi olakwika aliyense amene angawanene.

Kwa abambo anzanga, makamaka ife okhala kutsogolo Lamulungu, 1 Petro 3:7 akuti tiwachitire ulemu akazi athu kuti mapemphero athu asaletsedwe. Tiziwerenga vesi imeneyi tisanakonze ulaliki.

Akuti ndisamanene kuti ndikudwala

Amalume ku chipatala anandipeza ndi shuga komanso BP. Ku felosipu komwe ndimapita akuti mawu ali ndi mphamvu ya moyo ndi imfa, ndikamati ndili ndi shuga ndiye kuti ndikuyivomereza, ndizingoti ndachira ndipo mankhwala ndi chizindikiro chokayika. Ndasiya kumwa mwezi watha. Akazi anga akulira. Ndani akulondola?
Bambo wa ku Machinjiri

Akazi anu, achimwene. Yambiraninso mankhwala ndipo sabata ino mupite kuchipatala mukawauze adokotala kuti munasiya kwa mwezi, akuyezeni. BP ndi shuga zimaononga mwakachetechete munthu akudzimva bwinobwino, impso, maso, mitsempha, kenako sitiroko, ndiye kudzimva bwino lero si umboni woti mwachira.

Vesi ya Miyambo 18:21 ilipodi, lilime lili ndi mphamvu pa imfa ndi moyo, ndipo makalata atatu ali pamwambawa akusonyeza mmene mphamvuyo imagwirira ntchito, mawu angathe kuphetsa agogo osalakwa, kuthamangitsa munthu mu mpingo kapena kumudzutsa mayi wofedwa. Koma siikunena kuti kutchula matenda kumawaitana. Paulo analembera Timoteo za m'mimba mwake ndi kudwaladwala kwake pa 1 Timoteo 5:23 n'kumuuza choti azimwa, pa 2 Timoteo 4:20 analemba kuti Trofimo ndinamusiya ku Mileto akudwala, ndipo Luka anamutchula kuti sing'anga wokondedwa. Bartimeyo atafunsidwa ndi Yesu kuti ukufuna ndikuchitire chiyani sananamizire kuti akuona, anati ndikufuna ndipenye. Mulungu sakufuna kuti muname kuti akuchizeni.

Pempherani ndithu, nanenso ndikupemphererani, ndipo kapempheni akulu a mpingo akupempherereni monga Yakobo 5:14 akunenera, botolo la mankhwala lili m'thumba. Ku felosipuko muwauze mwaulemu kuti ine ndimakhulupirira Mulungu ndipo mankhwala ndikumwa. Mufunsenso mwakachetechete ngati pali ena omwe anasiya awo, makamaka a ma ARV ndi a khunyu, muwauze zomwe adokotala akuuzeni ndipo ngati n'kotheka muwaperekeze. Akakuuzani kuti musankhe pakati pa gululo ndi mankhwala, mundilemberenso.